Batire la Ndege ndi Kope la Maina

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi. Ndili ndi kashopu pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Kasungu, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wokazinga zitumbuwa. Masiku ano mawailesi enieni akunka nachepa, ndiye ndimagwiranso mafoni, matochi, timagetsi ta sola ndi masipika a m'mabala. Fodya ndimalimanso, wa bale, pang'ono chabe, poti kwathu kuno bambo wopanda chigafa pakhomo sapatsidwa mpando pamilandu. Za ndege sindidaphunzirepo, ndipo ndege sindidakwerepo. Chimene ndimachidziwa bwino ndi batire. Mawailesi ambiri amene amafika patebulo panga sakhala atafa ayi. Mwini wake adasiyamo mabatire dzinja lonse, mabatirewo n'kutupa, n'kutulutsa madzi, madziwo n'kudya tizitsulo. Ine ndimangopala ndi sandipepa, kupukuta, kenako n'kumuuza mwini wake kuti abwere mawa, kuti ntchito ioneke yaikulu.

Lolemba pa 10 Juni 2024 msika wa fodya wa Chinkhoma unali uli mkati, ndalama zikuyenda, anthu akuombola katundu wawo m'mashopu. Chakumadzulo kudamveka kuti ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, imene idanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino Dr Saulos Chilima, sikudziwika kumene ili. Idanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi ya 9:17 m'mawa kulowera ku Mzuzu, ulendo wa mphindi 45, poti akuluakuluwo ankapita kumaliro a Ralph Kasambara. Usiku umenewo sindidatseke. Anthu adaunjikana pakhonde, wailesi iliyonse imene inali ndi moyo m'shopumo ikulankhula. Tidamva Mtsogoleri wa nthawiyo Lazarus Chakwera akunena kuti nsanja za mafoni zaloza dera la makilomita 10 kuzungulira ku Raiply, m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo asilikali akufunafuna kumeneko. M'mawa mwake adaipeza. Anthu onse 9 anali atamwalira, pamodzi ndi mayi Shanil Dzimbiri amene adakhalapo mayi wa fuko. Za chisoni chimene chidagwa m'dziko sindinenapo zambiri. Aliyense amakumbukira pamene anali.

Ine chidanditsalira m'mutu linali funso la mmisiri. Ndege yathunthu ingasowe bwanji usana wonse ndi usiku wonse, mpaka kuilondola ndi nsanja za mafoni? Kuno tili ndi njovu. Mu 2022 adabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde kudzaziika m'nkhalango ya Kasungu, ndipo zina adaziveka makolala m'khosi. Njovu yotere ikatuluka usiku kukadya chimanga cha anthu kwa Chulu, pamakhala munthu penapake amene angaone pakompyuta kuti yafika pakuti. Nanga ndege ya munthu wachiwiri m'dziko lonse? Ndinkafunsa aliyense wobwera ndi foni yothyoka, mpaka wometa uja adandipempha kuti ndizitsitsako mawu chifukwa makasitomala ake ankatembenuka mutu lumo lili pakhosi.

Yankho lidabwera kumapeto kwa Ogasiti. Akatswiri a ku Germany, a bungwe lofufuza ngozi za ndege la BFU, adatulutsa lipoti lawo loyamba. Ndegeyo paja idapangidwa kwawoko. Adati m'ndegemo munalibe timabokosi tija timasunga mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege. Adati zimene oyendetsa adalankhulana ndi a pansi pawailesi sizidajambulidwe. Adatinso munali kachipangizo kotchedwa ELT, kawailesi kamene kamadzidzimuka kokha ndege ikamenya pansi n'kuyamba kulira kuti ofunafuna alondole, koma batire lake lidatha ntchito mu 2004. Nditamva chakacho ndidaika pansi chitsulo chowotcherera. Ndi chaka chimene Bingu wa Mutharika adalowa m'boma. Mwana wobadwa chaka chimenecho lero ali pabanja. Pa zinthu zonse za m'ndege, zimene ine sindingathe n'kuzitchula komwe, chimene chidakhala chete ndi chimene ndimakalipira anthu tsiku ndi tsiku. Ndidaona ngati nkhaniyo yachita kundisankha.

M'dziko muno anthu akakwiya amalemba chikalata cha madandaulo, chija amati petisheni, n'kuyenda nacho pamsewu kukachipereka kwa bwanamkubwa. Tidaziona kwambiri mu 2019 chisankho chitatha. Ine za pamsewu ndidaziopa, utsi wokhetsa misozi suyanjana ndi chifuwa changa. Ndidati ndingolemba, anthu asaine, ndikatule ndekha ku Lilongwe. Ndidagula kope lalikulu la chikuto cholimba. Patsamba loyamba ndidalemba ndi dzanja langa labwino kuti ife anthu a ku Kasungu tikupempha lamulo loti ndege iliyonse isanyamuke popanda batire lamoyo m'kawailesi kake ka ngozi, ndiponso kuti zonse zolankhulidwa pawailesi za ndege zizijambulidwa. Masamba otsatira ndidawajambula mizere: dzina, mudzi, saini kapena chala. Mnzanga wina, mphunzitsi, adati akuluakulu saina maina opanda umboni, amati wangowapeka wekha, ndiye ndionjezere mzere wa nambala ya chiphaso cha unzika. Ndidamuthokoza. Mpaka lero tikakumana amayang'ana kumbali.

Mayi a kunyumba adaliyang'ana kopelo nthawi yaitali. "Abambo, nazale tafesa kale, ifuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ndege zili ndi eni ake."

"Nabanda, ukalemba mzere pamapu kuchokera ku Lumbadzi kukafika ku Mzuzu, umadutsa cha kum'mawa kwa boma lathu lino. Ndege zimenezi zimatidutsa pamutu."

"Zimakudutsani, koma sizikuitanani."

Poyamba ndinkayenda nalo ndekha kopelo, ndipo ndinkafotokoza zonse, kuyambira pa 9:17 mpaka pa 2004. Anthu ankamvetsera mwaulemu, n'kupukusa mutu pa batire lija, koma ndikatulutsa cholembera manja ankalowa m'matumba. Wina amati, "Ndege ife tidzakwera liti, aMwale?" Wina amati zimenezo ndi zandale. Mkulu wina wa mpingo adandikokera kuseri kwa chigayo n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, ndege ya asilikali imeneyo. Mukufuna ana athu akule opanda atate?" Amene adasaina anali wometa, mayi wa zitumbuwa, ndi anthu angapo amene ndinali nawo mafoni awo m'manja.

Apa m'pamene adalowerera mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amachita kabaza wa njinga yamoto. Adandipeza nditagwira tsaya. "Atsibweni, inu mumalankhula zambiri. Anthu safuna ulaliki. Ndipatseni kopelo, ine ndimalowa m'midzi monsemu." Ndidamupatsa, n'kumuthirira mafuta. Litabwera kopelo linali litanenepa. Maina mpaka m'mphepete mwa masamba, zala za inki mbwee, manambala a ziphaso olembedwa mosamala kuposa mmene anthu amalembera pakalata ya ukwati. Munali midzi imene sindidaipondepo. Ndidamutengera mnyamatayo pachiwaya n'kumugulira tchipisi cha nyama, ndikumuuza kuti a Malawi adzuka tsopano. Iye ankangotafuna. Sindidamufunse kuti ankawauza chiyani anthuwo, ndipo iye sadaone chifukwa chondiuzira.

Chimene ankanena, monga ndidadzamvera pambuyo pake, chinali chachifupi: "Atsibweni akulemba maina, ndi za mawailesi, kopeli likupita ku Lilongwe." Palibe bodza ngakhale limodzi pamenepo. Koma muganize chaka chake. Mvula idadula pakati, chimanga chidapserera m'madera ambiri, ndipo mu Marichi Mtsogoleri adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Nyengo yake inali yomwe anthu ankatchera khutu za feteleza wotsika mtengo wa AIP. Ena ankadikira Mtukula Pakhomo, ena chimanga cha thandizo. Pa zonsezi njira ndi imodzi: kumabwera munthu ndi kope la mizere, n'kufunsa nambala ya chiphaso. Kumudzi kope lotere siliwerengedwa, limathamangiridwa, chifukwa wochedwa amapeza ladzaza. Ine ndakulira konkuno, ndaimapo pamizere yotereyi, ndipo ndidayenera kudziwa. Koma munthu ukaona maina ambiri pansi pa mawu ako, mutu umasiya kugwira ntchito zina.

Ndidaganiza zoitanitsa msonkhano woti ndiwathokoze osainawo ndisanapite ku Lilongwe, ndipo ndidafuna kuwaonetsa kanthu. Wailesi wamba ya FM imathera pa 108, pamene ndege zimalankhula kuyambira pa 118 kukwera mpaka 137. Mpata wake ndi waung'ono. Mmisiri akatanula pang'ono kawaya kopiringizika ka m'kati, wailesi imakwera n'kuyamba kugwira mawu a oyendetsa ndege, mosamveka bwino poti iwo amatumiza mawu mwa njira ya AM, koma amamveka. Ndidasankha wailesi yokongola kuposa zonse m'shopumo, yofiira, ya sola, yokhala ndi tochi kumutu. Usiku wina ndidagwiradi mawu a mzungu ali kumwamba kwenikweni akuwerenga manambala, ndipo ndidadzutsa Nabanda kuti amve. Pomwe amadzuka mzunguyo anali atapita.

Tsiku la msonkhano linali la msika. Nditafika pamtengo wa kachere ndidaima kaye, mtima uli thithithi. Anthu anali ochuluka kuposa pamaliro a mfumu. Amayi atakhala pazitenje, agogo atabwera pangolo, ena atanyamula timatumba topanda kanthu, zimene ndidaziona koma osaziganizira. Ndidakwera pabenchi, n'kupereka moni, n'kunyamula wailesi yofiira ija m'mwamba kuti aliyense aione. Nthungululu imene idaphulika pamenepo sindidaimvepo chibadwire. Amayi adaimirira kuvina. Ine misozi idalengeza. Ndidati, "Abale anga, lero mumva ndi makutu anu mmene ndege imalankhulira." Ndidatsegula. Wailesi idati shiii. Ndidapotokola uku ndi uku, kukweza mlongoti, kuloza kumpoto. Kumwamba kunali mbee, ngakhale khwangwala. Kenaka, kaya kawaya kaja kadabwerera m'malo ndi kugwedezeka kwa njinga, mudatuluka mawu a bambo akuwerenga mauthenga a maliro.

"Ikugwira bwino," adatero mayi wina kutsogolo. Gogo wina adakweza ndodo. "Mwana wanga, zonse n'zofiira, kapena munthu asankha yekha?"

Sindidamve funsolo, ndiye ndidayamba kufotokoza za batire la 2004. Ndidafika pa BFU anthu akuyang'anizana. Bambo wina adandidula. "AMwale, za ndegezo tamva, Mulungu awalandire. Koma galimoto ya katundu ifika nthawi yanji? Ena tachokera kutali." Ndidayang'ana pamene panali mphwanga. Panali fumbi lokha la njinga yamoto.

Zimene zidatsatira sindizikumbukira mwa dongosolo. Ndikudziwa kuti ndidati kulibe mawailesi, ndipo mawuwo adayenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo akusintha: pofika pakati anali akuti mawailesi ndagulitsa, pofika kumapeto anali akuti ndagawana ndi amfumu. Wina adakuwa kuti manambala a ziphaso ndikukagulitsa kwa andale, poti kalembera wa chisankho cha 2025 anali pafupi kuyamba. Wailesi yofiira idachoka m'manja mwanga, sindidaone dzanja limene lidaitenga. Amene adandipulumutsa ndi mayi wa zitumbuwa, amene adandikankhira m'kanyumba kake n'kuima pakhomo ndi chipande cha mafuta otentha.

Kubwalo la anyakwawa ndidapita ndi mtima woti chilungamo chili patsamba loyamba. Nduna itanena mlandu, ndidagwada, kuomba m'manja, n'kunena kuti, "Gogo chalo, aliyense amene adasaina adasaina pansi pa mawu olembedwa. Lolani awerengedwe." Ndidatsegula kope. Tsamba loyamba panalibe, panatsala timano ta pepala m'mphepete mwa ulusi. Mphwanga, amene mayi ake adachita kumugwira pamkono kubwera naye, adati adaling'amba tsiku loyamba lomwe chifukwa mawu oti "lamulo" ndi "asilikali" ankathawitsa anthu.

Amfumu sadakwiye ndi za mawailesi kwenikweni, ngakhalenso ndi za ndege. Chidawapweteka n'chakuti m'mudzi mwawo mudalembedwa maina iwo osadziwa. "AMwale, inu si mwana. Ngakhale a katemera amayamba afika pakhomo pano. Inu mwadumpha mpanda ndi kope, lero anthu akuti ine ndadya mawailesi. Ndiwayankha chiyani?" Ndidalipa mbuzi. Za maina panali mkangano wautali, poti ena ankafuna abwezeredwe maina awo, ndipo palibe amene ankadziwa kuti dzina limabwezedwa bwanji. Ena adakana kuti lawo lifafanizidwe, kuopa kuti mwina katunduyo angadzabwerebe. Chigamulo chidali chakuti popeza ndidati kope lipita ku Lilongwe, lipite ndithu, ndipo ndibwere ndi yankho.

Ndidalembanso tsamba loyamba, kulimata ndi guluu, n'kukwera basi m'bandakucha. Tidadutsa Mponela, tidadutsa Lumbadzi pamene ndidaona mchira wa ndege kwa nthawi yoyamba uli pansi, kenaka Kanengo ndi fungo lake la fodya. Ku ofesi ina imene ndidauzidwa kuti imaona za ndege adandilandira bwino, n'kundipatsa benchi kuti ndidikire. Pabenchipo panali bambo wina wachikulire wa jekete yakale koma yosita, amene ankadikira mapepala ake. Adati adagwira ntchito ya mawailesi a pabwalo la ndege mpaka kupuma. Nditamva zimenezo ndidamupatsa kope ndi manja awiri, poganiza kuti ndapeza mboni.

Adawerenga tsamba loyamba pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. "Mwalemba bwino, achimwene. Koma batire lokha silikadathandiza kwenikweni." Adandifotokozera kuti kachipangizo ka m'ndege ija kanali ka mtundu wakale, kolira pa 121.5 ndi 243. Kale masetilaiti a dongosolo la Cospas-Sarsat, limene maiko a America, Canada, France ndi Soviet Union adayambitsa pamodzi, ankamvera kulira kumeneko. Koma kuyambira pa 1 Febuluwale 2009 adasiya, chifukwa kulira kwambiri kunkakhala kwabodza ndipo sikunkanena kuti walira ndani. Tsopano amamvera pa 406, pamene kachipangizo kamatumiza nambala yodziwitsa ndege yake, ndipo ambiri amatumizanso malo enieni. Kakale kaja, ngakhale utakaikira batire latsopano, angakamve ndi woyendetsa ndege ina amene akudutsa pafupi atatchera pa 121.5, kapena ofunafuna amene afika kale m'deralo ndi zida zolondolera. "Ndiye lamulo lanuli likadutsa mmene lililimu, akagula batire, n'kuika m'chinthu chimene kumwamba sachimvanso, ndipo akhala atatsata lamulo."

Ndidati tikhoza kukonza, ndi mzere umodzi wokha. Adagwedeza mutu n'kupitiriza. Ndege ija inali ya asilikali. Pangano la maiko la ku Chicago la 1944, limene malamulo a ndege za anthu wamba amatsamira, limanena poyera kuti silikhudza ndege za asilikali, za apolisi ndi za kasitomu. Khomo limene ndidagogoda silinali lake. Ndipo chimene ndinkapemphacho, a ku Germany aja anali atachinena kale m'lipoti lomwelo: adalangiza nduna ya za chitetezo kuti ndege za asilikali zonyamula anthu zikhale ndi ELT yogwira ntchito, n'kulangizanso a za mtengatenga kuti zida za wailesi zolondolera ndege ziyesedwe ndipo oyendetsa azidziwa zimene zikugwira ndi zimene zidafa. Ine ndidangomva za batire n'kuthamanga.

Pa zida zolondolerazo mkuluyo adachedwapo, poti ndiyo inali ntchito yake. Adati anthu amaganiza kuti wailesi ya ndege ndi yolankhulira basi, pamene pali ina pansi imene silankhula ndi munthu, imangotumiza chizindikiro usana ndi usiku kuti woyendetsa adziwe mbali imene ali ngakhale ali m'mtambo. Adandikumbutsa za Samora Machel, amene ndege yake idagwa pa Mbuzini pa 19 Okutobala 1986 itakhota kutsata chizindikiro chotere, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana kuti chizindikirocho chidachokera kuti. Kenaka adanena chinthu chimene sindinkafuna kumva. Malinga ndi zimene zidalengezedwa, anthu a m'ndege ya ku Chikangawa ija adamwalira pomwepo ndege itangomenya. Kachipangizo kaja sikakadawapulumutsa, kakadangofupikitsa usiku uja. "Koma musataye mtima. Ngozi ina idzakhala ndi munthu wothyoka mwendo amene akudikira m'tchire. Ameneyo ndiye mukumulembera."

Ndidalimbako mtima, mpaka pamene adayamba kutsegula masamba a maina. Adaima pa zala za inki zija. "Agogo onsewa akudandaula za ELT?" Ndidakhala chete, kenaka ndidamuuza zonse, za mphwanga, za kachere, za mbuzi. Adaseka mpaka kutulutsa kansalu kopukutira m'maso, ndipo mlonda adasuzumira. Atatha adanditsekera kope n'kundibwezera. "Ili musalipereke. Mukalipereka mukhala mukunamiza boma m'dzina la anthu amene mudawanamiza kale. Lembani kalata m'dzina lanu, mudutsire kwa phungu wanu, chifukwa amene angafunse nduna ya za chitetezo ndi Nyumba ya Malamulo. Muikemo 406." Atandiitana kuti ndilowe, ndidauza mlembi kuti ndidzabweranso. Ndalama ya basi yobwerera idaperewera, ndidafika kunyumba usiku pamwamba pa matumba a lole ya feteleza, amenenso sanali wanga.

M'mawa ndidatsikira kudimba. Nazale inali itauma gwa, timbande titapsa ngati tsitsi lowauka. Nabanda anali pamunda wake wa masamba pafupi pomwepo, akuthirira mpiru wobiriwira bwino, ndi chitsime chomwecho, ndi khani yomweyo. Ndidafunsa kuti zidatheka bwanji. "Ndimayesa ithiriridwa kuchokera kumwamba," adatero osatembenuka. Mbande ndidakagula kwa alamu anga pangongole, ndipo adandipatsa zotsalira, pamodzi ndi mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kalata ija ndidalemba, ndidaikamo 406, n'kukaisiya kumene ndidauzidwa.

Kunatsala yankho la amfumu. Ndidawauza zoona, kuti kope labwerera. Iwo adati zoona sizikwanira, anthu adayenda mtunda, makamaka okalamba, ndipo munthu wamkulu amapukuta pamene waipitsa. Apa ndidapeza nzeru imene ndidaiona ngati yoposa zonse. Pansi pa tebulo langa panali katoni ya mawailesi amene eni ake adawasiya kalekale osabwera kudzawaombola, ena kuyambira nthawi ya Joyce Banda. Ndidawapala, kuwapukuta, kugula mabatire, n'kukawatula kwa amfumu kuti agawire agogo amene adavutika kwambiri. Sadakwane, ndiye ndidaonjezapo yanga ya kunyumba. Amfumu adandiyamika pagulu. Lipoti la komiti ya Justice Jabbar Alide, limene lidati ngoziyo idadza ndi nyengo yoipa ndi zolakwa za anthu osati chiwembu, ndidalimvera mu Disembala pakhonde la wometa.

Kugawako kudatsimikizira dera lonse kuti mawailesi analipodi, ndipo ndidangotulutsa ochepa nditapanikizidwa. Amene sadalandire adayamba kufika kushopu mmodzimmodzi, mwaulemu, chiphaso chili m'manja, kudzafunsa za gawo lachiwiri. Ndidazolowera. Chimene sindidachiganizire ndi mwezi wa Epulo. Chinkhoma itatsegulanso, ndalama za fodya zitalowa m'matumba, anthu adayamba kukumbukira katundu wawo wakale. Woyamba anali bambo wina wamtali wa ku esiteti, amene adatulutsa kalisiti kachikasu ka dzanja langa lomwe, kopindidwa bwino m'pulasitiki. Ndidati wailesi yake idakanika, ndidaitaya. Adandiyang'ana modekha.

"Yakuda, ya National Panasonic, yomanga ndi waya wa kopa pachogwirira? Imene mudaitaya ija ikuimba kwa apongozi anga. Akuti adalandira kuboma."

Ndidamugulira yatsopano. Atatuluka ndidaona kuti panja pali ena awiri akufunafuna m'matumba mwawo, ndipo mphwanga anali ataima nawo, injini ikulira, poti ndiye adawanyamula.